Mzere wa Kabudula wa a Mtonga

A Mizeck Mtonga a kwa Magodi ndi mlimi ngati wina aliyense. Ali ndi chimanga, mpendadzuwa pang'ono, ndi ng'ombe zitatu zosamva mkuwo. Mukawapeza kumunda nthawi ya dzinja simungawayang'ane kawiri. Koma pitani kwawo Loweruka m'mawa anthu atatha kukolola, mukawaone pakhonde akuuzira makala mu simbi, maso ali psuu ndi utsi. Pamenepo mudzadziwa kuti mwafika kwa Kingi wa muganda.

Muganda ndi gule wa amuna aukhondo. Amavala malaya oyera, kabudula woyera, tayi, masokosi ofika m'maondo ndi nsapato zopukutidwa bwino, n'kumaguba m'mizere akuliza malipenga a mphonda. Wotsogolera ndiye Kingi, ndipo a Mtonga akhala pampandowu zaka makumi awiri. Iwo amati gule ameneyu amayambira pa simbi, ng'oma imangotsatira. Chaka china anabweza mlamu wawo weniweni pabwalo chifukwa kabudula wake anali ndi mizere ya simbi iwiri mwendo umodzi. Mpaka lero awiriwa amapatsana moni wa pamaliro pokha.

Vuto linali kabudula wawo womwewo. Anamugula chaka chimene anabadwa Olipa, mwana wawo woyamba, ndipo Olipayo tsopano ali ndi ana anayi. Nsaluyo inali itadyedwa ndi simbi moti mukaiyanika pa chingwe mumaona nkhuku zikudutsa kuseri kwake. Kumbuyo ndiye kunangotsala chisomo cha Mulungu. Tsono mu Seputembala kunali mpikisano ndi gulu la kwa Mphamba, anthu a fodya amene anali atasoketsa zatsopano, ndipo pakamwa pawo sipaphwa nkhani. Muganda uli ndi sitepe ina yogwada mwadzidzidzi. A Mtonga ankati akaiganizira sitepeyo, ankatenga kabudula uja n'kumuyang'ananso kumbuyo.

"NyaZimba," anauza akazi awo a Eness, "kabudulayu akang'ambika pamaso pa a Mphamba, ine muganda ndausiya. Mundiike m'manda ndili moyo."

Mpulumutsi anabwera pa njinga. Anali aphunzitsi a Cornelius, ochokera ku Chipata, munthu wodziwa kulemba makalata opempha thandizo. Iwo anamva kuti bungwe lina la kunja likuthandiza magulu osunga chikhalidwe, ndipo analembera gulu la a Mtonga kupempha zovala. Yankho linabwera loti mayi wina wa ku Lusaka adzabwera kudzaona ndi kujambula.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma aphunzitsi anatsegula foni yawo n'kuyamba kufufuza zithunzi za magulu amene bungwelo linathandizapo m'maiko ena. Onse anali m'zikopa, nthenga ndi mikanda, ena osavala ngakhale malaya. Anasonkhanitsa ovina pansi pa mtengo wa mango.

"Adada," anatero, "aba anthu afuna za makolo. Mukabwela na tayi azaganiza ati ni kwaya ya chalichi. Sitizapata kanthu."

"Tayi ndiye za makolo zathuzo," anayankha a Mtonga. "Atate anga anavina ndi tayi. Agogo anga anaikidwa m'manda ndi masokosi."

Palibe anawamvera, poti aliyense anali ndi kabudula wake wodwala. Sabata imeneyo atambala a m'mudzi anaona zakuda. Pofika Lachinayi panalibe tambala wokhala ndi mchira kuyambira kusukulu mpaka kudambo. Zikopa za mbuzi zimene zinkayembekeza kukhala mipando zinatsitsidwa pa madenga, zina zisanaume n'komwe.

Tsikulo litafika, a Mtonga anadzuka m'mamawa, nasita kabudula wawo mosamala ngati mmene amachitira nthawi zonse. Anafika pabwalo ali mbee, mzere uli chilili kuchokera m'chiuno mpaka pa bondo. Mlendoyo, mayi Belinda, anali mtsikana waulemu ndithu. Atatsika galimoto anayang'ana amuna a zikopa aja, kenako anaona bambo wa tayi, n'kupita molunjika kwa iye atagwira chigongono.

"Muli bwanji, bwana? Ndimwe a ku ofesi ya boma? Bwelani munkhale na ine apa."

Anawapatsa mpando wapulasitiki ndi botolo la madzi. A Mtonga anatsegula pakamwa kuti anene kuti iwo ndi Kingi, koma anaona aphunzitsi akuwatsinzinira diso, anaonanso anzawo makumi awiri akuwayang'ana mochonderera. Anatseka pakamwa paja n'kukhala pansi.

Ng'oma inalira. Amuna a Magodi anaguba muganda wopanda Kingi, zikopa zikuwakwapula m'ntchafu, nthenga zikuthothoka. Dzuwa litakwera, zikopa zosauma zija zinayamba kulankhula, ndipo agalu a midzi itatu anabwera kudzamva. Galu wina wofiira anatsatira mlamu uja sitepe ndi sitepe, ndipo kunena zoona galuyo ndiye ankasunga mzere bwino kuposa onse. Azimayi anaseka mpaka kugwirana. Mayi Belinda anajambula mosangalala, akuti sanaonepo zotere. Sananame, poti ngakhale a kwa Magodi anali asanazionepo.

Pakati pa nyimbo yachitatu miyendo ya a Mtonga inawapandukira. Anadzidzimuka ataimirira, akusunthira kutsogolo kwa mzere kumene ndi malo awo.

"Bwana, pepani," anatero mlendoyo mokoma mtima, "sendelani pang'ono, mwangena mu foto."

Anasendera. Anthu anaseka, koma a Eness sanaseke. Iwo anaona nkhope ya amuna awo, ndipo anadziwa kuti mawu amenewo awapweteka kuposa tsiku limene matenda anapha ng'ombe zawo zina.

Thandizo linabweradi, kutatsala masiku asanu kuti mpikisano uchitike. Linali chimtolo chachikulu cholembedwa kuti zovala za chikhalidwe, limodzi ndi chithunzi cha gulu mu felemu. Pachithunzipo panali zikopa, nthenga, galu wofiira, ndipo kumapeto kwenikweni bondo limodzi loyera lodulidwa pakati. Atamasula mtolowo anapeza nsalu yoterera ya mawanga a kambuku, yokwana kuveka mudzi wonse. Anapempha ngati akambuku, anawayankha ngati akambuku.

A Eness, poti ndi mayi wosataya chinthu, anakhala pa makina n'kusoka kabudula wa kambuku. A Mtonga anamutembenuza uku ndi uku, nati nsalu ndi nsalu bola ikhale ndi mzere. Anakoleza simbi, anailavulira pang'ono kuti amve kutentha, n'kuiika pa mwendo. Kunamveka fwee, kenako fungo la pulasitiki. Atanyamula simbi, kambuku anali ndi bowo looneka ndendende ngati simbiyo.

Anayang'ana bowolo nthawi yaitali, kenako anaseka chikhakhali mpaka misozi, koyamba chichokereni mlendo uja.

"Mwaona, NyaZimba? Nsalu yoopa simbi si ya kwathu kuno."

Gulu lonse linabwerera ku zoyera zake zakale, ndipo makomo ambiri a m'mudzimo anapeza makatani a kambuku. Koma kabudula wa Kingi anali yemwe uja, ndipo sitepe yogwada inali ikudikirabe. Nsalu yoyera yolimba m'nyumbamo inalipo imodzi yokha: bulauzi ya a Eness ya umanyano, imene amavala ku msonkhano wa amayi a mpingo, imene ngakhale Olipa saloledwa kuichapa. A Eness sanafunse munthu. Anatenga sizasi masana amuna awo ali kudimba, nadula kumsana kwa bulauziyo n'kuika chigamba mkati mwa kabudula uja.

Kwa Mphamba kunadzaza anthu. A fodya anavina bwino m'zovala zawo zonunkhira sitolo. Kenako analowa a Magodi, Kingi patsogolo, mzere wa kabudula ukuoneka kuchokera kumsewu. Itafika sitepe ija, gulu lonse la kwawo linagwira mpweya. A Mtonga anagwada mpaka bondo kukhudza fumbi, anakhala pomwepo kanthawi kuti a Mphamba aone bwino, n'kudzuka athunthu. Nthungululu yoyamba inali ya a Eness.

Za amene anapambana anthu amakanganabe mpaka lero. Chimene ine ndinaona n'chakuti Lachisanu lotsatira a Eness anapita ku umanyano dzuwa likuswa mtengo, atafunda juzi yaubweya kumsana. Amayi anzawo atafunsa ngati ali ndi malungo, iwo anangoti akumva kamphepo. Kumbuyo kwawo kunali a Mtonga, atawanyamulira Baibulo ndi buku la nyimbo mpaka pakhomo la tchalitchi, chinthu chimene sanachitepo pa zaka makumi anayi za ukwati wawo.