Zuleha ndi Maphunziro Okalamba a mu Fulashi

Tsiku la defeza, pamene wophunzira amaonetsa ntchito yake kwa aphunzitsi, pulogalamu ya Zuleha inakana kuyenda. Anadina, nadinanso, kompyuta ya pasukulu ikungolavula mawu ofiira. Analephera anzake onse akuona.

Bambo ake, a Assane, sanakalipe. Anangoti za sukulu zathera pomwepo, apite nawo ku Chimbonila akalime batata. Zuleha anachonderera kuti amulole kuyesanso chaka chotsatira, ndipo anavomera monyinyirika.

Chinamupweteka n'chakuti anatsatira malangizo mzere ndi mzere. Ntchito yake inkadalira pulogalamu ina yaulere, yomwe anthu a m'mayiko ambiri amalemba mothandizana, ndipo ili ndi maphunziro ake pa intaneti. Koma kwathu kuno mamega ndi odula. Mmodzi akakopera maphunziro, fulashi imazungulira dera lathu lonse la Sanjala ngati sefa yobwereka, chaka ndi chaka, palibe wofunsa kuti analembedwa liti. Zuleha anaphunzira zakale, pamene pasukulu anali ataikapo pulogalamu yatsopano.

Atafufuza, anapeza kuti ngakhale maphunziro a pa intanetiwo anali okalamba. Ankawakonza pamanja munthu mmodzi wodzipereka, Edgar wa ku Beira, akapeza mpata. Zuleha anamulembera mtima uli m'mwamba, akudandaula.

"Mana Zuleha, mlongo wanga, ndili ndekhandekha," anayankha Edgar. "Ngati mungathe, konzani."

Sankadziwa poyambira, koma anayamba. Ulendo woyamba anasowetsa zithunzi zonse. Wachiwiri, olemba pulogalamuyo anamubwezera ntchito yake ndi ndemanga zotalika kuposa ntchitoyo. Analira, ndithu analira, kenako anawerenga ndemangazo imodziimodzi.

Pomaliza anakonza zoti munthu akangosintha pulogalamu, makina aziyesa okha chitsanzo chilichonse cha m'maphunziro. Chimodzi chikalephera, palibe chotuluka mpaka chikonzedwe. Anawonjezanso kafayilo kopepuka koika mu fulashi, pamwamba pake pali deti ndi mtundu wa pulogalamu m'malemba akuluakulu.

Mmodzi wa iwo, wa kunja, anafunsa kuti ndani masiku ano amawerenga popanda intaneti.

"Ife," analemba Zuleha. "Kwathu maphunziro amayenda m'thumba."

Olemba pulogalamuwo analandira ntchito yake yonse osachotsapo kanthu.

Imeneyi ndiyo anapita nayo ku defeza yachiwiri. Anawononga dala chitsanzo chimodzi aphunzitsi akuona, makina n'kuchigwira nthawi yomweyo. Anakhoza. A Assane, omwe sanamve ngakhale theka la zimene zinanenedwa, anauza aliyense mu chapa, minibasi yathu, pobwerera kuti mwana wawo amakonza zolakwa za anthu a kunja. Ife a ku Lichinga timanyada naye, ndipo sitibisa.

Inu amene mwalephera mutatsatira zonse, musafulumire kudzitcha mbuli. Fufuzani chimene chinakugwetsani. Mwina chikugwetsanso ena ambiri, ndipo chikudikira inu kuti muchikonze. Osataya mtima, dzukani mukayesenso.