Chitenje Chimene Amayi Sanamalize Kundivalira

Khungu langa ndi lamwano chibadwire. Ndili mwana kwathu ku Ntcheu, ine ndi chovala chatsopano sitinkamwerana madzi. Anzanga ankadikira Khirisimasi ndi mtima wonse chifukwa cha madiresi, pamene ine ndinkaiopa ngati tsiku la jakisoni. Msoko wa m'khwapa unkandibaya, kolala inkandikanda, ndipo kansalu kolembedwa kaja amasokerera kumbuyo kwa khosi, kamene timati lebulo, kankandisowetsa mtendere tsiku lonse. M'tchalitchi ndinkangodzipotokola pabenchi mpaka azakhali anga, alongo awo a bambo, kunditsina pantchafu. Iwo ankati ndi matama basi. "Mwana wa m'nyumba yaudzu kunyada chonchi munamuonapo kuti?" ankatero, anthu n'kumaseka.

Amayi okha ndiwo sanandinenepo. Dzina la vuto langa sankalidziwa, ndipo ngakhale ine mpaka lero sindilidziwa, koma mankhwala ake anawapeza. Malebulo ankawadula ndi lezala, osasiyapo ngakhale kaulusi. Zamkati ankandiveka motembenuza, msoko kunja. Nditakula n'kuyamba kumanga chitenje, anayambitsa chinthu chimene pakhomo pathu tinkangoti kundivalira. Chitenje chatsopano chimabwera chouma gwa ndi sitachi, ndipo kuchichapa kokha sikuthandiza. Amayi ankachiviika, kuchimenya pamwala, kenako n'kuchivala iwo eni. Ankalima nacho, kuberekera nacho adzukulu, kuchipinda nkhata, kugona nacho, mpaka chitafewa ngati khutu la kamwana ka mbuzi. Akatero ankachichapa komaliza n'kundiponyera pamiyendo. "Tenga, chapsa," ankatero. Kwathu chitenje chinkapsa, ndipo chosavalidwa tinkati n'chachiwisi.

Nditabwera ku Joni, khungu lija ndinabwera nalo. Ntchito ndinaipeza ya m'nyumba ku Alberton, ndipo tsiku loyamba lomwe madamu anandipatsa yunifolomu yapinki ndi apuloni yake. Inali ya nsalu yoterera ija imathetheka pathupi nyengo yozizira, msoko wake wokhakhala. Ndinamwetulira, ndinathokoza, ndinalowa m'bafa n'kudula lebulo ndi mano. Mkati ndinkavalira sikipa yakale ya kumudzi, ndipo juzi ndinkaivala motembenuza. Madamu aja ankaganiza kuti mwina kwathu sitidziwa kuti kunja kwa juzi ndi kuti. Tsiku lina anandikokera pambali n'kundionetsa mwaulemu mmene amavalira. Ndinawasiya andiphunzitse. Ndikanayambira pati kuwafotokozera?

Chimene chinkandisunga m'dziko la eni ndi phukusi la amayi. Chaka chilichonse, kuzizira kukamayandikira, ankanditumizira chitenje chimodzi kudzera mwa bambo wina wa kwathu amene ntchito yake n'kunyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi kumudzi. Ankatsitsira pabwalo la galaja ina ku Brakpan, ndipo Loweruka lotero pankadzaza Amalawi, aliyense khosi m'mwamba kufuna dzina lake pa zikwama. Ena ankalandira ufa woyera, ena usipa, ena nyemba ndi mpunga. Ine ndinkalandira kajumbo kopepuka, mkati muli chitenje chofwifwa.

Mnzanga amene tinkagawana chipinda ku Reiger Park, mayi wa ku Mangochi wogulitsa masokosi ndi zipewa pamsewu, ankafa nazo ndi phwete. "Haibo, sisi," ankatero, "anthu amatumiza kaunjika kuchokera ku Joni kupita kumudzi. Inu kaunjika wanu akuchokera kumudzi kubwera ku Joni? Yoh!" Ndinkangolowa m'takisi, kajumbo pachifuwa, n'kumatsegula pang'ono kuti ndinunkhize. Munkamveka utsi wa nkhuni, sopo wamtanda wobiriwira uja, ndi mafuta amene amayi ankadzola. Penapake ndinkapezapo kabowo ka moto kapena banga la utomoni wa mbatata, n'kudziwa kumene chitenjecho chinayenda. Ndikaweruka, n'kuvula yunifolomu ija n'kumanga chitenje cha amayi, thupi lonse linkapuma. Ndimazisowa kwambiri nthawi zimenezo, ngakhale kuti chipinda chathu chinali chamalata ndipo mphepo ya mu Juni inkalowa mmene ikufunira.

Ndiye kunabwera chaka china chimene amayi anayamba kusowa pafoni. Iwo analibe yawoyawo, ndinkawapeza pa ya achemwali anga aakulu amene ankakhala nawo pakhomo. Ndikaimba, achemwali ankati amayi apita kudimba. Ndikaimbanso, apita kumaliro kutsidya. Tsiku lina ndinawamva ndithu, koma mwachidule, mawu ali pansi, akuti ndi chimfine chabe. Mtima unkandiuza zina, koma munthu ukakhala kutali umakhulupirira chilichonse chimene chingakulole kudzuka m'mawa n'kupita kuntchito. Phukusi litafika pa nthawi yake, ndinati basi, ndimadandaula pachabe.

Chitenjecho chinali chokongola, chabuluu chamaluwa achikasu. Chinali chochapidwa, chositidwa, chopindidwa bwino kuposa masiku onse. Ndinachinunkhiza m'takisi muja, n'kumva sopo wa ufa wonunkhira, utsi ayi. Nditafika kuchipinda ndinachimanga m'chiuno, ndipo ndisanafike n'komwe pakhomo chinali chitayamba kale kundikanda kuseri kwa mawondo. Ndinaima chilili. Mnzanga uja ataona nkhope yanga anasiya nthabwala yake pakati.

Ndinaimba foni pomwepo. "Achemwali, chitenje ichi wavala ndani?"

"Anthu ena amathokoza akalandira chatsopano," anayankha, akuyesa kuseka.

"Sindinafunse zimenezo. Amayi sanachikhudze ichi. Amayi ali kuti?"

Ndinangomva achemwali akulira. Amayi anali atagwa kumunda nthawi yokolola, ndipo kuchokera pamenepo sankadzukanso okha. Kuchipatala anapita, anabwerako ndi mankhwala, koma thupi linkangotha. Amayiwo anawaletsa onse kundiuza, poti ndikamva ndisiya ntchito n'kuthamangira kumudzi. Ndiwonso analamula kuti chitenje chipite monga mwa masiku onse, kuti ndisakayikire kanthu. Achemwali anakagula kumsika, anachichapa kamodzi, n'kuganiza kuti zatheka. Anaiwala kuti akunamiza khungu la ndani.

Ndinapsa mtima kwambiri, ndipo ndinalankhula mokweza mpaka oyandikana nafe anatuluka. Koma pansi pa mkwiyowo panali mantha okhaokha, oti ndikafika mochedwa. M'mawa mwake ndinawauza madamu. Anandimvera chisoni ndithu, koma ananena poyera kuti ali ndi ana aang'ono ndipo malo anga sangawasunge nthawi yaitali. Ndinati ndamva. Yunifolomu yapinki ija ndinaipinda n'kuisiya pa makina ochapira, ndipo kunena zoona imeneyo yokha sindinaililire.

Ulendo wa basi wopita kumudzi ndi wautali, wodutsa m'mayiko a eni ndi mizere ya pachipata, koma wa ulendo umenewo sindikumbukapo kanthu. Ndimangokumbuka kajumbo kaja pamiyendo panga.

Amayi ndinawapeza atawagoneka pamphasa pakhonde, akuothera dzuwa. Anali atachepa moti ndinachita kuyang'ana kawiri. Atandiona sanandilonjere n'komwe.

"Wakuuza ndani?" anafunsa.

Ndinagwada, ndinatulutsa chitenje chija n'kuchiika m'manja mwawo. Anachitikita ndi zala ziwiri monga ankachitira pamsika, kenako anatembenuza mutu kuyang'ana achemwali.

"Iwe, ichi n'chachiwisi," anatero. "Ukufuna umusupule mwana wanga?"

Tinaseka tonse atatu, misozi ili mbwembwembwe. Amayi ataleka kutsokomola anati, "Ndivekeni."

Tinawaveka. Kuyambira tsiku limenelo anakana chitenje china chilichonse. Tikachichapa, ankadikira chiume padzuwa atafunda bulangete, n'kuchiitanitsanso. Ndinkawauza kuti amayi, chikukukandani ichi, valani chofewa. Ankandiyankha kuti khungu lawo si lamatama ngati langa, ndiwasiye agwire ntchito yawo. Kulima nacho sakanatha, kubereka mwana sakanatha, chimene chinatsala n'kugonapo basi, ndipo anagonapo ndi khama. Ine ndinkakhala pambali n'kumawapaka mafuta m'miyendo, iwo akundifunsa za ku Joni: ngati n'zoona kuti kukazizira madzi amaundana m'mapaipi, ngati azungu amadya masamba a maungu, ngati ndimavalabe zamkati motembenuza. Masiku amenewo anali owawa, komabe ndikawakumbuka ndimapeza kuti ndi amene ndinakhala nawo pafupi kwambiri chichokereni paubwana.

M'mawa wina ndikuwasambitsa anagwira m'mphepete mwa chitenje chija n'kupukusa mutu. "Usachitenge kaye," anatero. "Sichinapse." Ndinati sindikuthamangira kulikonse. Sabata yomweyo isanathe anatisiya.

Pokonza thupi, azakhali aja ankanditsina m'tchalitchi, tsopano atakalamba n'kumayendera ndodo, ananena kuti chitenje chabuluu chipite ndi amayi kumanda, poti ndicho anachikonda kumapeto. Ndinakana. Anayamba kunena kuti mwana uyu matama ake sanathebe, koma achemwali anawagwira dzanja n'kuwanong'oneza. Sindikudziwa anawauza chiyani. Ndinangoona azakhali akuchipinda okha n'kundipatsa ndi manja awiri.

Nditabwerera ku Joni ndinapeza pantchito paja pali kale munthu wina. Ndinavutika miyezi ingapo, mnzanga wa ku Mangochi uja akundidyetsa osawerengera, mpaka ndinapeza nyumba ina ku Boksburg kumene ndili mpaka pano. Kumeneko amandilola kuvala zanga. Malebulo ndimadulabe, juzi ndimatembenuzabe, ndipo pa galaja ya ku Brakpan ndinasiya kupitako. Ndayesapo kugula zitenje zatsopano n'kuzizungulitsa m'makina ochapira kangapo konse ndi mankhwala ofewetsa zovala. Zimafewa ndithu, koma sizipsa. Achemwali anadziperekapo kuti azindivalira, ndinawathokoza, koma tonse tikudziwa kuti iwo chitenje amachisamala kwambiri, sachigwiritsa ntchito.

Chabuluu chija ndimachimanga Lamulungu masana ndikabwera kutchalitchi, ndikamachapa kapena kuphika pakhomo pa chipinda changa. Pakati pake, pamene panali msana wa amayi, m'pofewa kuposa chovala chilichonse chimene ndili nacho, ndipo maluwa achikasu aja pamenepo anafwifwa. M'mphepete monse mukadali mouma. Chimandikanda m'chiuno, chimandikanda mu akakolo, ndipo pofika madzulo khungu limakhala litatuluka timizere. Mnzanga uja anandiuzapo kuti ndingochiviika m'madzi otentha chimalizike kufewa. Ndinamuuza kuti achisiye, mwini wake anati sichinapse. Pa zovala zonse zimene ndavalapo moyo wanga wonse, ndi chokhachi chimene chimandikanda ine osachivula.