Ufa Wakuda wa M'kansalu Kofiira

Zaka ziwiri zathunthu ndinazithera m'kachipinda ka labotale kufupi ndi Mitundu, ndikuwotcha chitsulo mpaka chisanduke nthunzi. Nthunziyo ikakumana ndi gasi n'kuzizira, imagwa ngati fumbi, kanjere kalikonse katavala chikhungu cha makala choti dzimbiri lisakagwire. Kunena n'kosavuta. Magetsi akangothima ntchito ili mkati, basi, kayambirenso mawa. Pomaliza ndinapeza ufa wakuda wosadzaza ndi supuni yomwe, ndipo sabata yomweyo ng'anjo yathu inafa.

Kuti ndidziwe ngati chikhungucho chinakutadi chitsulo, pankafunika makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, omwe ife tinalibe. Mnzanga wina ankanyamuka Lolemba kupita ku Joni, komwe kunali makinawo, ndipo anavomera kunditengera ufawo. Ndinatsekera ufawo m'kabotolo, n'kukakulunga m'kansalu kofiira kuti kasasweke. Ha, kansalu kofiira! Kaya mutu wanga unali kuti.

Loweruka ndinadzera kwathu ku Nathenje kukaona amayi. Ndinasiya chikwama m'nyumba n'kupita kudimba kukalonjera amalume. Pobwerako ndinapeza zovala zanga zili pachingwe, amayi ali pakhonde, maso ali psuu.

"Mwanawe, ine ndakulera ndi Baibulo," anatero. "Sukulu yonseyi, n'kumapitanso kwa asing'anga?"

"Asing'anga ati, amayi?"

"Ufa wotemera mphini ndimaudziwa ine. Bambo ako ankadalira womwewo m'malo mopita kuchipatala. Lero ali kuti?"

Ndinawayandikira. "Kabotolo kaja mwakaika kuti?"

"Ndakhuthulira m'chimbudzi. Ndapempheranso."

Ndinathamangira kuseri, n'kugwada padzenje paja ndikuunika ndi foni ngati wamisala. Ntchentche zokhazokha. Ndinakalipa tsiku limenelo, ndinakalipira mayi wondibala, ndikutchula zaka ziwiri, ndikutchula digiri. Iwo ankangopukusa mutu. "Digiri ya mankhwala siyikhalitsa, mwana wanga."

Mnzanga uja anapita chimanjamanja. Ng'anjo sinakonzedwe mpaka lero, ndipo kafukufuku wanga anathera pomwepo. Panopa ndimaphunzitsa sayansi kusekondale. Chimene chimandidya mumtima n'choti sindidzadziwa ngati zaka ziwiri zija ndinapangadi chinthu kapena ndinkangotola mwaye.

Amayi mpaka pano amaimirira m'tchalitchi kuchitira umboni kuti Mulungu anawagwiritsa ntchito kulanditsa mwana wawo kwa Satana, anthu n'kumawomba m'manja. Ine ndikakhalapo ndimangoweramitsa mutu, iwo n'kumati ndikupemphera.