Nyemba za pa Phulusa la Maliro

Chaka chimene mwamuna wake anamwalira, nyemba za Tumpale zinakwera mitengo mpaka kupitirira mutu wa munthu, masamba ali biriwiri. Koma makoko anali opanda kanthu. Atauma, nkhungu ya ku phiri la Rungwe ikatsika ndi kamphepo, ankanong'ona ngati anthu a pamaliro.

Ine ndinali nditangobwerako kunja, kumene unyamata wanga unathera m'mabuku a eni ake. Ndinapeza anzanga ali kumanda, mudzi utadzaza mafoni, koma mantha ali omwe aja.

Mlamu wake wa Tumpale, Gwakisa, ankaufuna munda wa nyembawo. Anauza abale kuti malemu akudya nyembazo zili m'makoko chifukwa sakufuna kuti mkaziyo akhale pamenepo. Anagwirizana kuti zikakanikanso, Tumpale atenge ana azipita kwawo.

"Alamu, akufa akakukanani kulibe apilo," anatero Gwakisa uku akuseka.

Pozula mitengo, Tumpale anaona chinthu chachilendo. Pakona imodzi, pomwe anataya phulusa la moto wa pamaliro, makoko anali odzaza ndi nyemba zofiira, zonenepa. Anansi anati umboni ndi umenewo, nasiya kudutsa kumeneko. Iye anazula tsinde la pakonapo ndi lina la pakati pa munda, ulendo wapansi kwa mlangizi wa zaulimi ku tauni ya Tukuyu.

Mlangizi anamufunsa chimene anathira. Anati feteleza wa yureya wotsala ku chimanga cha malemu, ndipo sanaumire. Mlangizi anamuonetsa timatuza ta kumizu momwe nyemba zimadzipangira chakudya cha masamba. Yureya wochuluka amangonenepetsa masamba, anatero. Mizu ndi maluwa zimafuna fosifolasi, makoko amadzaza ndi potaziyamu, amene m'phulusa alimo.

Tumpale anagulitsa mikoko ya nthochi, nagula feteleza wosakaniza zitatu zonsezo: chakudya cha masamba, fosifolasi ndi potaziyamu. Anathira pang'ono pobzala, pamodzi ndi manyowa. Analima yekha, wopanda womupatsa moni.

Dzinja lotsatira makoko analemera mpaka mitengo kuwerama. Nyemba zake zinali zosakwinyika, zosachedwa kupsa. Gwakisa atabwera kudzaona, Tumpale anamuikira mbale ya nthochi zophika ndi nyembazo.

"Idyani, alamu. Achimwene anu akhuta, zatsalazi n'zathu."

Gwakisa anangoyang'ana mbaleyo, osaikhudza. Za munda sanazitchulenso.

Inu amene munda wanu ukunong'ona lero, musauthawe. Pitani pakona pomwe onse akuopa, mukazule tsinde, muone mizu. Musataye mtima nthaka isanakuyankheni.