Manja Aatali a Diresi ya Kinga

Kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri, a Danuta Wrona ankaphunzitsa ana a kalasi yomaliza kuvina polonezi, gule amene timavina kukatsala masiku zana kuti mayeso ayambe. Ine Celina ndasoka madiresi a gule ameneyu zaka zonsezo, ndiye za mayi amenewa musandiuze, ndimawadziwa.

Guleyo chinali chonamizira chabe, iwo ankaphunzitsa khalidwe. Januwale akafika, ankaimika anawo awiriawiri m'holo ya sukulu, n'kumawazungulira ngati msilikali.

"Iwe, dzanja la mnzako si chigwiriro cha chitseko. Tambasula lako, udikire. Akafuna aika yekha."

Anyamata ankaseka, koma ankamva. Mtsikana amene onse ankamuzemba, iwo ankamupezera mnzake wovina naye. Anthu ambiri m'tauni muno anaphunzira kunena kuti pepani chifukwa cha iwo. Zimenezo sindingawalande.

Vuto lawo linali limodzi. Mnyamata akangodziwa kuwerama bwino, kwa iwo basi ndi munthu. Chaka chimene mwana wawo Kinga ankamaliza sukulu, anasankha mnyamata wina, Radek, kuti atsogolere naye gule. Radek ankapsompsona dzanja la mayi aliyense monga ankachitira azigogo athu, zitseko ankatsegulira anthu. Patatha zaka zinayi anakwatirana, ndipo diresi ya ukwati ndinasoka ndine.

Chaka chatha a Danuta ankapuma pa ntchito. Sukulu inakonza zoti ophunzira akale adzavine nawo powatsanzika, Kinga ndi Radek patsogolo. Kinga anabwera kwanga kudzasoketsa diresi.

"Anti Celina, manja akhale aatali. Afike apa."

"Holo ija ikadzaza imatentha, mwana iwe. Tavula juziyo ndikuyeze."

Anavula. Pamkono panali zizindikiro za zala zinayi, zakuda bii, chachisanu kuseri. Iye anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Musawauze amayi. Ndinayesa kale."

Ndinapita kwa a Danuta masana omwewo, tepi yoyezera ili m'khosi. Ndinawapeza akusenda mbatatesi.

"Mwana wanu akumenyedwa, a Danuta."

"Ndi Radek? Radek amene ndinamuphunzitsa ndekha? Celina, thupi la Kinga silichedwa kuda chiyambire ali mwana. Komanso m'banja anthu amakangana. Mwambowu udutse kaye, ndidzalankhula naye."

Mwambo udutse kaye. Ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi mbatatesi zawozo. Koma nanenso ndinabwerera kwanga n'kukasoka manja aataliwo, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Tsiku la gule holo inadzaza. Nyimbo itayamba, Radek anawerama, anatambasula dzanja n'kudikira, ndendende mmene anaphunzirira. Kinga analiyang'ana dzanjalo. Sanaike lake. Anangoima, manja ali m'mbali, maso ali pa amayi ake. Kumbuyo kwake anthu onse anaima, ena anayamba kunong'onezana.

A Danuta anayenda kuchokera pampando wawo waulemu, akumwetulira. Ine ndinali pafupi, ndinamva bwinobwino.

"Kinga, anthu akuyang'ana."

Anagwira mkono wa mwana wawo, pamalo pomwe paja, n'kuika dzanja lake m'dzanja la Radek. Gule anayenda. Anthu anawomba m'manja, a Danuta anapatsidwa maluwa.

Patatha milungu iwiri Kinga anakwera sitima yopita ku mzinda wa Gdańsk ndi chikwama chimodzi, ndipo anasintha nambala ya foni. Kwa amayi ake sanatsanzike.

Masiku ano a Danuta amabwera kwanga Lachisanu lililonse, ati kudzapinditsa siketi. Masiketi onse ndinawapinda kale. Sabata yatha anafunsa mosabisa.

"Nambala yake muli nayo, eti? Ndipatseni, Celina. Ndine mayi ake."

Nambalayo ndili nayo, ili m'kabokosi ka mabatani. Ndinawayang'ana, singano ili pakamwa, kenako ndinaichotsa.

"Dikirani, aphunzitsi. Akafuna aimba yekha."