Uthenga Umene Ndinaukhalira

Ndine wosaona, choncho mauthenga a pafoni ndimawerengera pa kamakina ka breyilo, kamene timadontho take timatukuka pansi pa zala. Kamakinako kakalumikizidwa, foni imakhala duu. Kakazima, foni imayamba kuwerenga yokha mokweza.

Masana ena kwathu ku Golomoti, amayi ankapeta mpunga pafupi nane. Bambo anali atagonekedwa kuchipatala ku Mua, achimwene akuwadwazika. Foni inanjenjemera, ndipo zala zanga zinawerenga mawu a achimwene: bambo atisiya, usawauze amayi, amalume akubwera.

Kwathu mkazi sauzidwa ndi mwana kuti mwamuna wake wamwalira. Imeneyo ndi ntchito ya akuluakulu.

"Akuti bwanji?" anafunsa amayi.

"Sindinamalize kuwerenga, amayi."

Pomwepo batire la kamakinako linatha. Foni yopanda mwambo ija inayamba kuti, "Bambo..." Ndinaitsomphola n'kuikhalira ngati thadzi pa mazira, iyo ikung'ung'udzabe pansi panga.

Lichero linasiya kumveka. Amayi analankhula chapansipansi.

"Dzuka mwananga, ungaphwanye foniyo. Kayale mphasa, amalume ako asatipeze chonchi."