Adokotala Anati Amasuke, Amayi Anamva Zawo

Khalani pansi kaye magaye, mafoni m'thumba. Ee, ndikunena ndine, ine amene ndimagona foni ili pachifuwa. Iwe aise, chotsa za m'makutuzo. Nkhani iyi sindiibwereza, chifukwa ndikamaikamba mutu umanditentha.

Mukuwadziwa achemwali anga aakulu, anakwatiwa ku Bwanje aja. Munthu wolongolola kuposa ine, tangoganizani. Akamabwera kuno ku Nsipe ndi kathumba ka mpunga, ankayamba kuseka akadali pa siteji, ife kunyumba n'kudziwiratu kuti afika. Ndiye chaka chatha anabereka mwana wawo woyamba, wamkazi, wabwinobwino. Koma atangotuluka m'chikuta, munthu uja anazima. Kuzima ngati foni yogwera m'madzi: kunja ili bwino, sikilini yosasweka, koma ukadina palibe chikuchitika.

Kudya ayi. Kusamba mpaka wina awakoke. Mwana akulira pambali pawo, iwo maso ali pakhoma. Alamu anapirira miyezi iwiri, kenako anawabweretsa kwa amayi n'kunena kuti, "Amayi, ine zandikanika. Kumunda mbalame zikutha mpunga, kunyumba munthu sakuyankhula. Mwina inu akuuzani." Alamu sindikuwada ayi. Amene ndakwiya nawo muwamva.

Ine mukundidziwa, sukulu ndinalekera panjira. Zonse zimene ndimachita pakhonde la golosale ya bambo achisilamu aja, kukonza mafoni, kutchaja, kuika nyimbo, ndinaphunzira pa foni pomwepo. Ndiye ndinati dikirani, ndifunse komweko. Ndinalemba ndi Chingerezi changa chothyokathyoka zonse zimene achemwali ankachita. Amwene, zinatuluka ngati wina wawajambula. Dzina lake dipuleshoni, nthenda ya maganizo, ndipo imagwira azimayi ena akangobereka. Ndinathamangira kunyumba kukawauza amayi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuti, "Iwe ndi kafoni kakoko. Tsiku lina kadzakuuza kuti ine si mayi ako."

Koma ndinawapezerera tsiku la sikelo ya mwana. Ndinati poti tikupita kale kuchipatala, achemwali akaonedwenso. Anavomera monyinyirika.

Adokotala ake anali mayi wodekha kwambiri. Anakhala ndi achemwali awiriwiri nthawi yaitali, kenako anatiitana ine ndi amayi. Anati, "Mayi, mwana wanuyu akudwala, ndipo ndi matenda odziwika. Si ulesi, si mwano. Mankhwala ndi awa, azimwa tsiku lililonse. Sagwira lero lomwe, amatenga masabata, musafooke. Koma chachikulu, kunyumbako mumupatse mpata amasuke. Akapanda kumasuka, zimene zili mumtimamo zimupweteka."

Amayi anagwedeza mutu mwamphamvu, "Zoona adokotala, zoonadi zimenezo." Ine mumtima ndinati eya, zatheka! Titangotuluka pa geti, amayi anandigwira mkono.

"Wamva iwe? Ngakhale adokotala aona. Mwana wanga ndi womangidwa. Akufunika kumasulidwa."

Ndinaima pakati pa msewu. "Amayi! Anena kuti amasuke! Kumasuka! Aziyankhula za kukhosi, osaopa!"

"Nanga womangidwa amamasuka bwanji popanda womumasula? Unaionapo mbuzi ikudzimasula yokha pachikhomo?"

Eish. Amayi pa mtsutso sagonja. Mawu amodzi omwewo, adokotala akutanthauza kuti tikhale chete timumvere munthu, amayi akumva kuti tipeze wokalipira ziwanda.

Pano ndimveni bwino, pasapezeke wina wokanena kuti mfana uja wasiya Mulungu. Ine ndimapemphera. Satana alipo, sindikutsutsa, ndipo nkhondo yauzimu ilipodi. Koma amayi omwewo akadwala malungo amapemphera, kenako n'kumwa mankhwala mpaka kumaliza, ndipo palibe amene amawauza kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa. Abusa akathyoka mwendo amapita kukaika pulasitala. Nanga bwanji ukangodwala mutu ndi mtima, basi, aliyense asanduka katswiri wa ziwanda? Mutuwu suli pa thupi lomweli? Anaulenga wina?

Ndiye tinathera kwa aneneri a mpingo wathu, kachisi wa malata uja. Ndipo apa ndi pamene ndimadzida, chifukwa wojambula mavidiyo a mpingowo ndine. Aneneri anawayang'ana achemwali kwa kamphindi kochepa, osawafunsa ngakhale kuti mwadzuka bwanji, n'kuti, "Mzimu wa kumadzi uwu. Anautenga ku Bwanje, m'ngalande za mpunga." Ataona kapepala ka mankhwala m'manja mwa amayi anaseka. "Mayi, nkhondo yauzimu simenyedwa ndi zida za thupi. Mukasunga izi ndiye kuti mukumukayikira Mulungu." Titafika kunyumba amayi anakaponya mankhwala onse m'chimbudzi, ine ndikuona. Kenako aneneri analamula kusala kudya masiku atatu. Kusala! Munthu woyamwitsa, amene sakudya kale! Ukufuna asale chiyani, mpweya?

Lamulungu masana aneneri anawaimika achemwali pakati pa bwalo. Masipika mpaka m'mimba kumanjenjemera. Anthu awazungulira, wina akuwomba m'manja pafupi ndi khutu lawo, wina akuwakankha pachipumi. "Tuluka! Ndiwe yani? Tchula dzina lako! Tuluka!" Dzuwa likuswa mtengo, malata akutentha, mwana akulira kumsana kwa amayi. Achemwali anangoima ngati chitsa. Patapita nthawi yaitali ndinaona milomo yawo ikugwedera. Aneneri anawaikira maiki pakamwa. Munthu amene anatha masabata osayankhula anati, ndi kamawu kotsika:

"Ndatopa ine. Ndisiyeni chonde, ndatopa."

Mukudziwa zimene aneneri anachita? Anatembenukira ku mpingo, dzanja m'mwamba. "Mwamva, ana a Mulungu? Chayankhula! Chiwanda chavomera chokha kuti chatopa!"

Nthungululu! M'manja! Ng'oma! Amayi anagwada n'kumalira ndi chimwemwe. Mwana wawo wanena zoona zokhazokha kwa nthawi yoyamba, mpingo wonse n'kupereka mawuwo kwa chiwanda. Ndipo ine, chitsiru ine, ndinali pamenepo foni m'mwamba, ndikukokera chithunzi pafupi kuti nkhope ioneke bwino. Ndinadziwa kuti n'zolakwika. Ndinadziwa! Koma dzanja silinatsike. Vidiyoyo ndinaiponyanso pa gulupu ya mpingo ya pafoni, poti ndi ntchito yanga.

Pofika mawa lake vidiyo inali paliponse. Anyamata a kabaza akakwera chitunda ankakuwa, "Chiwanda chatopa!" anzawo n'kumafa nacho chiseko. Azimayi ogulitsa kabichi m'mbali mwa msewu ankakodolana achemwali akamadutsa ndi amayi. Ndipo ena mwa inu munaikapo tinkhope toseka. Ndinaona. Iwe usayang'ane pansi, unaika titatu.

Patatha sabata ndi masiku angapo, masana ndithu, ndili pakhonde ndikumasula foni ya kasitomala, ndinangoona achemwali atulukira okha, mwana kumsana. Asamba, avala chitenje chatsopano, nkhope yodekha. Mtima wanga unadumpha, ndinati mwina zathekadi, mwina wolakwa ndine. Anamasula mwana n'kundipatsa. Anandipatsanso kachikwama, mkati muli zovala za mwana zopindidwa bwinobwino ndi buku la kusikelo pamwamba.

Anati, "Iwe uli ndi mtima wabwino. Akadzakula udzamuuze kuti mayi ake analibe chiwanda."

N'kutembenuka kuti azipita.

Ndinali nditawerenga kuti munthu wotere akayamba kugawa zinthu zake n'kumaoneka wodekha mwadzidzidzi, si kuchira kumeneko, akutsanzika. Ndinagwira chitenje chawo ndi dzanja limodzi, linalo lili ndi mwana. "Achemwali, simukupita kulikonse. Khalani pansi."

Akazi a bambo a golosale anali pa kauntala, anaona zonse. Anangotsegula kachipinda kakuseri komwe amasungiramo sopo ndi shuga, anatenga mwana, anabweretsa tiyi, n'kutseka chitseko. Ine ndinazimitsa foni n'kuiika chafufumimba patebulo kuti achemwali aione. Ndinati, "Sindikukujambulani. Sindikalipira chilichonse. Mukafuna yankhulani, mukafuna khalani chete, ine ndili pompano."

Amwene, kukhala chete n'kovuta, makamaka kwa ine. Lilime limayabwa. Tiyi anazizira. Koma kenako anayamba, pang'onopang'ono. Anati akamuyang'ana mwana samva kalikonse mumtima, ndipo amaganiza kuti mayi wotero Mulungu anamutaya kalekale. Anati akamapemphera zimakhala ngati akuitana munthu ali kutsidya kwa mtsinje wosefukira. Ndiye ananena mawu amene mpaka lero amandilasa:

"Tsiku lija akamakuwa kuti tuluka, tuluka, ine ndinkamva ngati akuuza ineyo. Ndinati chabwino, poti onse agwirizana, ndituluka."

Ndinalira ngati mwana. Ndipo pamenepo ndi pamene ndinamuona Satana bwinobwino. Sanali m'ngalande za ku Bwanje ayi. Anali m'bodza lija loti Mulungu wawataya, loti dziko lingapepukidwe iwo atachokapo. Nkhondo yeniyeni inali imeneyo, ndipo ife a mpingo tinalowa m'bwalo n'kuyamba kumenya mbali ya mdani, ndi masipika athu omwe. Munthu wagwa m'dzenje, m'malo momuponyera chingwe tikulikalipira dzenjelo!

Tsiku lomwelo ndinatseka bokosi langa la zida n'kubwerera nawo kuchipatala. Adokotala aja sanatikalipire. Anamvetsera, anapereka mankhwala ena, anatiuza masiku obwereranso, n'kundiuza ine kuti asamakhale okha nthawi yaitali. Mankhwalawo kunyumba sanafikeko. Ali m'bokosi langa la zida, pansi pa mabatire akufa. M'mawa uliwonse achemwali amauza amayi kuti akukatchajitsa foni. Akafika, mayi a golosale amaika kapu ya madzi pa kauntala, achemwali n'kumwa. Kenako timapemphera awiri, mwakachetechete, mawu ochepa. Ine ndimangoti, "Ambuye, inu amene munapatsa anthu nzeru yopanga mankhwalawa, athandizeni agwire ntchito, ndipo musawasiye achemwali anga." Basi. Palibe kukuwa. Mulungu si wogontha.

Tsopano yakwana miyezi iwiri. Sindikuti achira, masiku ena kumakhalabe mdima. Koma akudya. Ndinawamva akumuimbira mwana. Sabata yatha anandiyang'ana n'kuti, "Iwe, tsitsi limeneli ukusungira nkhuku kuti ziikiremo?" Ndinatsala pang'ono kuvina pamsewu. Munthu wanditukwana! Achemwali anga akubwerera!

Ndiye mukudziwa amene watenga ulemu? Amayi akuuza aliyense kuti pemphero la aneneri linachedwa chabe kugwira. Ndipo dzulo aneneriwo anabwera okha pakhonde panga, suti yoyera, nsapato zosongoka, akumwetulira ngati apambana chisankho. Anandigwira paphewa n'kuti, "Mwana wanga, Lamulungu lino utchaje foni izadze. Mlongo wako apereka umboni kuti wachira popanda kumwa m'bulu ngakhale umodzi. Ndipo aliyense amene akusunga mankhwala a maganizo kunyumba ndimuuza abwere nawo kutsogolo, awasiye paguwa. Ujambule bwino, dziko lonse lione."

Ndinali ndi sikuludilaiva m'manja. Ndinaiika pansi mwaulemu, chifukwa ndine Mkhristu.

M'mawa uno ndawauza achemwali. Anagwira kapu ya madzi ija ndi manja awiri. Anati, "Usanene za mankhwalawa, ndapota nawe. Amayi akadziwa akataya awanso, ndipo andibwezera pabwalo paja. Ine bwalo lija kachiwiri sindingalipirire. Ndingoima, ndiname, Mulungu andikhululukira. Amadziwa."

Ndiye ndi pamene ndaima, magaye. Ndikajambula, ndajambula bodza m'nyumba ya Mulungu, ndipo pali wina kwinakwake amene aonere vidiyoyo n'kukataya mankhwala a mwana wake. Ndikakana kujambula, amayi andifunsa chifukwa, ndipo mayi aja ndikawanamiza amandigwira ndisanamalize chiganizo. Ndikalanda maiki n'kunena zoona pamaso pa mpingo, mtima wanga uphwa, koma ndawagulitsa achemwali amene andipempha ndi misozi, ndipo amene akabwerere pabwalo si ine. Lamulungu ndi mkuja. Inu mwakhala chete nthawi yonseyi, tsopano yankhulani: atakhala achemwali anu, foni ili m'manja mwanu, mungatani?